Kondomu inaphulika, tulo tandithawa: yankho kwa achimwene amene anandilembera

Sabata ino ndalandira imelo ya achimwene ena, dzina sinditchula, ndipo avomera kuti ndiyankhe pano poti funsoli si lawo okha. Mwachidule akuti masiku 10 apitawo anali ku ukwati ku Mangochi, anagona ndi mtsikana amene anangokumana naye komweko, kondomu inaphulika, olo nambala yake alibe. Patatha masiku 5 anadziyeza okha HIV zinatuluka bwino, koma pano kukhosi kukuwawa, usiku thukuta, akungokhalira pa Google mpaka kucha, ndipo ali pabanja, kunyumba kuli mayi. Funso lawo: "Zotsatira zija ndizikhulupirire? Nanga zomwe ndikumvazi si matendawo?"

Achimwene, ndiyambe ndi chowawacho. Kuyeza kwa tsiku la 5 kuja sikukunena kalikonse za usiku wa ku Mangochi, kwangokuuzani mmene munalili musanapite ku ukwatiko basi. Tizipangizo toyezera mwachangu tija, kaya kopaka mu nkhama ngati OraQuick kaya kobaya pachala, tambiri sitifufuza kachilombo kenikeniko, timafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, nde thupi limatenga nthawi kuti liwapange okwanira kuoneka, penapake pakati pa masiku 23 ndi 90. Choncho mukayezetse pakatha mwezi, kenako mubwerezenso pakatha miyezi 3 kuwerengera tsiku lija. Zikatuluka bwino pa miyezi 3, ndipo simunachitenso china pakatipa, nkhani ya usiku umenewo yatha.

Pali mankhwala a PEP amene amateteza munthu kuti asatenge HIV ngati wayamba kumwa pasanathe maola 72, amamwa masiku 28 ndipo ku chipatala cha boma ndi aulere. Kwa inu nthawi imeneyo inadutsa, sindikunena kuti mudziimbe mlandu ayi, ndikunenera wina amene akuwerenga izi zitamuchitikira dzulo usiku. Ngati ndi inuyo siyani foni, thamangani pompano, ndipo ngati ndinu mayi funsaninso mapilitsi olera a pangozi.

Tsopano mtima ukhaleko pansi pang'ono. Choyamba simukudziwa ngati mtsikanayo ali nako nkomwe. Olo atakhala nako, bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limayerekeza kuti mwamuna akagona kamodzi popanda chitetezo ndi mkazi amene ali ndi HIV, mpata wotenga ndi pafupifupi 4 pa 10,000. Umakwera ngati pali zilonda kumaliseche kapena mnzanuyo wangotenga kumene, koma ngati akumwa ma ARV mwandondomeko mpaka kachilombo sikakuonekanso m'magazi, sangakupatsireni kudzera mu kugonana.

Za kukhosi ndi thukutazo, palibe dokotala angakuuzeni kuti muli ndi HIV kapena ayi pongomva zizindikiro, Google nde ayiretu. Chimfine chimatero, nkhawa payokha imatero, munthu wosagona masiku angapo thupi lonse limaphwanya. Komanso munali ku Mangochi achimwene, kunyanja, mwina osagona mu neti. Thupi likatentha kayezetseni malungo lero lomwe, osadikira.

Chimene chimandidandaulitsa ndi choti tonse mantha athu amathera pa HIV pomwe matenda enawa ndi amene amagwira msanga. Chinzonono kwa amuna chimaonekera pakangopita masiku ochepa, kuwotcha pokodza ndi mafinya otuluka kumaliseche, mwina m'mawa mupeza kabudula wamkati ali ndi timadontho tachikasu. Chlamydia nthawi zambiri imangokhala phee osaonetsa kanthu koma mukupatsira ena. Chindoko nde chachinyengo kwambiri, chimayamba ndi kachilonda kamodzi kosawawa, kawirikawiri pakatha masabata 3, kenako kamapola kokha munthu nkumati ndachira pomwe matenda alowa m'magazi. Onsewa amachizika bwinobwino, chindoko ndi jakisoni wa penicillin. Koma chonde musakagule makapusozi pa msika kapena kumwa otsala a mnzanu, amangobisa zizindikiro ndipo chinzonono masiku ano chikumakana mankhwala ambiri chifukwa cha khalidwe lomweli.

Nde pitani ku chipatala sabata ino, kaya ku health centre ya kwanu, ku Banja La Mtsogolo, kapena ku Lighthouse ngati muli ku Lilongwe. Mukalowa musazungulire ndi za mutu ukuwawa, nenani tsiku lenileni ndi zimene zinachitika, kuti kondomu inaphulika, pemphani akuoneni komanso akuyezeni chindoko, ndipo funsani za hepatitis B, matenda a chiwindi. Anamwino aja nkhani ngati yanuyi amaimva tsiku ndi tsiku. Ngati manyazi akukulepheretsani kuyamba, imbani kaye 929, Chipatala Cha Pa Foni, mulankhule ndi wazaumoyo muli kwanokha.

Za mayi akunyumba sindikubisirani maganizo anga. Kuwauza kapena ayi ndi katundu wanu, banja lanu mukulidziwa ndinu, koma kugona nawo popanda kondomu zotsatira za miyezi 3 zisanatuluke, kumeneko ayi, mulibe ufulu umenewo. Munthu akangotenga kumene HIV ndi pamene kachilombo kamachuluka kwambiri m'magazi, ndipo ngati mayi ali oyembekezera kapena akuyamwitsa, mwana nayenso ali pangozi, chindoko chimapha mwana m'mimba. Ndikudziwa kuti kutulutsa kondomu mwadzidzidzi m'banja kumabweretsa mafunso, nchifukwa chake ine ndimaona kuti kunena zoona kumapepuka kusiyana ndi kupeka mabodza miyezi 3 yathunthu. Aphungu ku chipatala amathandiza kukambirana nkhani zoterezi, mutha kupita nonse awiri.

Lembani masiku awiri aja mu foni, la mwezi umodzi ndi la miyezi 3, musamadziyeze sabata iliyonse poti zimangowonjezera mantha, ndipo usiku foni izigona patali ndi bedi. Zikadzatuluka kuti muli nako, ma ARV mumayamba tsiku lomwelo ndipo anthu akukalamba nawo ali athanzi. Zikatuluka bwino koma mantha osachoka, mukungofuna kuyezetsanso, kauzeni mphungu zimenezo, nkhawa nayonso ili ndi chithandizo chake. Mukabwerako ku chipatala mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene mwayendera.