Kodi mbira zanga nazonso zingagone miyezi osadya?

Mayi wina woweta mbira wandilembera imelo. Akuti anaona pa Facebook nyama ya ku America yotchedwa groundhog, imene amati imagona miyezi ingapo osadya, ndipo maonekedwe ake akufanana ndi mbira zawo. Akufunsa ngati nyamazi zili pachibale, komanso ngati mbira imene yangoti phee pakona m'chisanu cha Juni, osadya, angoisiya kuti igone.

Ayi mayi, musaisiye. Nyama ziwirizi zili m'gulu limodzi ndi mbewa, la mano akutsogolo osasiya kukula, koma chibale chake nchapatali. Groundhog ndi m'bale wa gologolo.

Imapezeka kum'mawa kwa United States ndi ku Canada, kumene chisanu chimakwirira udzu wonse. Nyengo yotentha imadya mosalekeza kuti inenepe, ina mpaka makilogalamu 6. Cha mu Okutobala imalowa kuuna, nkutseka khomo la chipinda chake ndi dothi. Zimene zimachitika m'katimo ine zimandigometsa. Mtima umene umagunda ka 80 pa mphindi umatsika mpaka ka 5. Thupi limazizira kuchoka pa madigiri 37 kufika cha pa 5. Si tulo wamba timeneti: thupi limadzichepetsera ntchito dala kuti mafuta aja akwanire mpaka Febuluwale kapena Malichi. Zazimuna ndizo zimayamba kutuluka, kukazonda mauna a zazikazi. Mwambo wa pa 2 Febuluwale ku Punxsutawney, m'dera la Pennsylvania, umene unayamba mu 1887, woti nyamayi ikaona chithunzithunzi chake ndiye kuti chisanu chipitirira masabata 6, ndi chikondwerero chabe. Nyamayo sidziwa zanyengo.

Abale enieni a mbira zanu ali ku South America. Mmodzi ndi mocó wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera louma la minga ndi miyala lotchedwa Caatinga. Amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndipo alibe mchira. Naye amakumana ndi miyezi ya njala, koma sagona. Udzu ukauma amakwera m'mitengo kukadya masamba ndi makungwa, mothandizidwa ndi zikhatho zake zofewa zogwira bwino. Wamwamuna amalonda mulu wa miyala, ndipo zazikazi zimene zathawira m'menemo zimakhala zake. Mukamuona mungaganize za mbira za m'matanthwe a kwathu kuno, koma zimenezo sizili m'gulu la mbewa nkomwe. Pachibale zimayandikana ndi njovu.

Kusiyanaku kumaonekeranso pobereka. Groundhog imakhala ndi bere mwezi umodzi wokha, ana nkubadwa opanda ubweya, maso ali otseka. Mocó ndi mbira zowetedwa zimatha miyezi iwiri ndi kuposerapo, ana nkubadwa ali ndi ubweya, akupenya, akuyenda kale. Zimenezi mwaziona nokha m'khola mwanu.

Choncho thupi la mbira silidziwa kusunga chakudya cha miyezi. M'mimba mwake mumafunika muziyenda chakudya nthawi zonse, ndipo ikatha tsiku osadya moyo wake uli pachiswe. Siipanganso yokha vitamini C, nchifukwa chake gaga yekha sakwanira popanda masamba aawisi. Imene yakhala pakonayo ichotseni pa zinzake, muiike pouma, pofunda ndi popanda mphepo, muone ngati mano ake sanatalike mopitirira, ndipo mukaonane ndi alangizi a ziweto lero lomwe.