Agogo akuti mwana akalangidwe kumudzi: ndilole kapena ndikane?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 13, yemwe ali mu Sitandade 8, watha msinkhu, ndipo agogo ake ku Dedza akuti abwere kumudzi akalangidwe. Mayiwa akuopa kuti mwana akabwerako mutu utazungulira, sukulu n'kuyamba kuiona ngati ya ana. Akufunsa kuti alole kapena akane.

Mayi, musathamangire kukana. Yambani mwafufuza kuti kumeneko akamuuza zotani, ndipo womuuzayo ndani.

Agogowo sakulakwa kufuna kuti mdzukulu wawo alangidwe. Kusukulu kuli phunziro la Life Skills, inde, ndipo buku lake limakamba za kusintha kwa thupi, za Edzi ndi za kukana anzako akamakukopa. Koma mphunzitsi amene kalasi yake yadzaza mpaka ena kukhala pakhomo sangakhale pamphasa ndi mwana wanu n'kumuonetsa kapindidwe ndi kachapidwe ka nsalu ya kumwezi. Iye amaphunzitsa kuti ana akakhoze mayeso. Anankungwi ndiwo amamuuza mtsikana kuti kuchipinda kwa makolo asalowenso, kuti munthu wamkulu amamupatsa madzi atagwada, kuti mlendo akafika salonjeredwa uli chiimire. Za kusathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, ife a m'tauni tikhoza kuziseka, koma mwanayo amachoka pamenepo akudziwa kuti ali ndi kwawo, ali ndi azimayi amene amamuwerengera ngati wawo. Zimenezo satifiketi ya MANEB sipereka.

Mantha anu nawonso ali ndi maziko. Vuto limabwera pamene malangizo a mtsikana wongotha msinkhu asakanizidwa ndi malangizo a m'banja. Mwana wa Sitandade 8 alibe nazo ntchito za kusangalatsa mwamuna, ndipo m'madera ena atsikana amauzidwa kuti akatuluka akasase fumbi, pena mpaka kuwalowetsera fisi. Apa palibe zonyengererana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anatseka mpata umene unkalola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15. Ku Dedza komweko, mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana kusukulu, ndi kuimitsa mafumu aang'ono amene ankalekerera zimenezi. Ndiye wina akakuuzani kuti mukunyoza mwambo, muuzeni kuti ndi mfumu ya kwanu komweko imene inayamba kukana zoterozo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanalola, koma nditaikapo zanga. Mwana asachoke m'kalasi pakati pa teremu. Alembe kaye mayeso a PSLCE, apite pa holide yaitali ya mu Ogasiti. Mupite naye nokha, musamukweze minibasi ndi kachikwama basi. Phungu wake musankhe inu, munthu amene mukudziwa khalidwe lake, makamaka amene anapitako kusukulu. Mukhale pansi ndi agogo ndi anankungwi, muwauze mwaulemu kuti malangizo a m'banja adikire nthawi yake. Ambiri amamva, bola mwafika ngati mwana wa pakhomopo, osati ngati bwana wochokera ku Area 47. Akakana, mipingo yambiri, monga CCAP ndi Katolika, ili ndi chilangizo chake, ndipo agogo mukhoza kuwaitana adzakhale nawo pamenepo.

Chimene makolo ambiri amaphonya ndi masabata otsatira. Mwana amauzidwa kuti "wakula tsopano", ndipo ena amamva ngati awauza kuti palibenso womulamula. Akabwerako, mufunseni muli awiri, kaya mukusadzula ndiwo, kuti anamva zotani ndipo sanamvetse ziti. Muuzeni momveka kuti kukulako kukutanthauza kudzisamala ndi kukonzekera Fomu 1. Bambo akenso asangoti ndi za azimayi. Nkhani ya fizi, yunifolomu ndi sukulu imene mwana angasankhidwireko aikambe naye iwo, sabata yomweyo imene wabwera.