VPN yalumikiza koma kompyuta ya kusitolo siikutseguka

Bambo wina wogulitsa feteleza ndi mbewu pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata wandilembera imelo. Akuti akapita ku Lundazi kukagula soya amafuna kuona maakaunti a kusitolo pa tabuleti. WireGuard, pulogalamu ya VPN (njira yotetezeka yolowera pa netiweki ya kusitolo uli kutali), imaonetsa kuti yalumikiza, koma Remote Desktop, yoonera ndi kugwiritsa ntchito kompyutayo pa tabuleti, imangozungulira mpaka kulephera. Chodabwitsa n'chakuti pa data ya SIM zimayenda, pa Wi-Fi ya kuloji zii.

Achimwene, yankho mwandipatsa kale m'mawu omalizawo. Ngati pa data zikutheka, kompyutayo ili maso ndipo pasiwedi ndi yabwino. Vuto lili pa Wi-Fi ya kulojiko.

Choyamba musamakhulupirire kabatani ka WireGuard. Kamayaka ngakhale mbali inayo isanayankhe. Tsegulani tunnel yanu mu WireGuard muone pamene palembedwa latest handshake, nthawi yomaliza imene mbali ziwirizi zinayankhana. Ngati palibe, lojiyo yatseka njira ya UDP imene WireGuard imadutsamo, nthawi zambiri pa khomo (port) 51820. Pamenepo musataye nthawi, bwererani pa data.

Koma ine ndikukayikira china. Marauta ambiri amabwera ndi adiresi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ma MiFi a Huawei ndi 192.168.8.1, ndipo eni ake sasintha. Tiyerekeze kompyuta ya kusitolo ili pa 192.168.1.20, rauta ya kuloji nayonso ikugawa 192.168.1. Tabuleti ikafunsa nambala 20 imaifunafuna m'lojimo, osalowa n'komwe mu VPN. Zili ngati kufuula kuti "a Phiri!" pa basi ya ku Katete: atembenuka amene ali pafupi, osati amene mukuwafuna. Ineyo zinandidyera usiku wathunthu ku Petauke, ndikufufuta ndi kuikanso pulogalamu yosalakwa, nsima ikuzizira pa tebulo.

Mankhwala ake: mukabwerera ku Chipata, lowani mu rauta ya kusitolo musinthe adiresi ya LAN (netiweki ya m'sitolomo) ikhale yachilendo, monga 192.168.57.1. Mupatse kompyutayo adiresi yokhazikika, mulembe yatsopanoyo mu Remote Desktop, ndipo musaiwale kukonza mzere wa AllowedIPs (maadiresi odutsa mu VPN) mu WireGuard ya pa tabuleti. Printa ingasokonekere, muilumikizenso. Ngati WireGuard ili pa kompyuta yeniyeniyo, n'kwapafupi kuposa apa: lembani mu Remote Desktop adiresi yake ya mu VPN, imene nthawi zambiri imayamba ndi 10, rauta musaikhudze.

Wina adzakuuzani kuti mungotsegula 3389, khomo la Remote Desktop, pa rauta mavuto athe. Chonde ayi. Akuba a pa intaneti amagogoda pa khomo limenelo usana ndi usiku, ndipo kuseri kwake kuli mabuku a ndalama zanu.

Za malaiti mukudziwa kale. Akazima n'kubwera, rauta imadzuka yokha koma kompyuta imagonabe. Mu BIOS, masetingi amene mumalowamo kompyuta ikungoyaka, muli poti muiuze iziyaka yokha magetsi akabwera, ndipo sleep muizimitse. Muchite zimenezi musanakwere basi, chifukwa mnyamata wa pa kauntala akatseka sitolo 17 koloko palibe wokudinirani batani.