Ana Akamangotengera Chitsanzo, Yambani ndi Mlatho wa Pepala

Mphunzitsi wina wa ana a zaka 6 ndi 7 watitumizira imelo yofunsa kuti: "Ndikufuna ana aziganiza okha ndi kupanga zinthu ndi manja awo, koma amangotengera chimene ine ndapanga. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, vuto lagona pa chitsanzocho. Mwana wa msinkhu umenewu akaona chimene inu mwapanga amati ndiye cholondola, ndipo kuganiza kumathera pomwepo. Chibiseni. M'malo mwake apatseni vuto loti athetse, ndi njira yodziwira okha ngati zatheka.

Unjikani mabuku milu iwiri yofanana msinkhu, pakati pakhale mpata wa masentimita 15. Ana akhale awiriawiri, chifukwa akafika anayi wina amangoonerera. Gulu lililonse lilandire mapepala atatu a A4 ndi timiyala 20 tofanana kukula. Kenako onetsani kachidole, munene kuti kakufuna mlatho wa pepala pampatapo kuti kawolotse katundu wake. Ana akafunse mafunso: katunduyo ndi wolemera bwanji? Mlatho ukhale wotambalala motani? Gawo limeneli musalidumphe, pakuti ndi pamene mwana amaphunzira kuti chinthu chimapangidwira munthu wina.

Kujambula pulani kusapitirire mphindi 5. Ana ambiri amapeza nzeru pepala lili kale m'manja.

Poyamba pafupifupi onse adzangoyala pepala lathyathyathya, ndipo lidzagwa ndi timiyala tochepa. Pamenepa dziletseni, musawauze yankho. Funsani kuti, "Lapindikira pati? Tingatani kuti pamenepo palimbe?" Ena adzakulunga pepala ngati paipi, ena adzapinda m'mbali mwake kuti mukhale timakoma, ena adzalipinda uku ndi uku m'mizere ya masentimita awiri. Zonsezi zimalimba chifukwa pepala loimirira chambali silipindika msanga ngati logona.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi mbali yopindira. Mizere iyenera kuchoka pa mulu wina kukafika pa unzake. Ikadutsa chopingasa, mlathowo umathyokera m'mizere momwemo, ndipo mwana amaganiza kuti kupinda n'kosathandiza. Muuzeni angopinda pepala lachiwiri mizere italoza mbali inayo, ayesenso.

Tsiku loyamba musatulutse selotepi kapena guluu. Selotepi amamatira pepala ku mabuku n'kubisa kufooka kwa mlatho, pomwe guluu amanyowetsa pepala ndipo amachedwa kuuma.

Timiyala aziika kamodzikamodzi pakati pa mlatho, akuwerenga mokweza, ndipo alembe nambala imene wagwera. Pa mphindi 40 za phunziro, sungani 15 zopangiranso. Kuyesa kwachiwiriku ndiye phunziro lenileni, ngakhale ndi kumene kumadulidwa nthawi ikachepa. Gulu lizipikisana ndi nambala yake yoyamba, osati ndi anzawo, ndipo pomaliza aliyense anene chimodzi chimene anasintha ndi chifukwa chake.