Andilanda kompyuta chifukwa chobana nyimbo: kodi ndalakwa chiyani?

Wandilembera mnyamata wina amene ali ndi kashopu pamsika wa kwawo. Ntchito yake ndi yothira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, m'ma memory card ndi m'mafulashi a anthu, komanso amaikira anthu Windows ndi Microsoft Office pamakompyuta awo. Sabata yatha kudafika apolisi ndi anthu ena oona za umwini wa nyimbo, namunyamulira kompyuta ndi hard drive, n'kumuuza kuti akaonekere kupolisi. Iye akuti sakuona pomwe walakwa: nyimbozo zili mbwee pa intaneti, oimba ena amabweretsa okha nyimbo zawo kuti awafalitsire, ndipo kampani ya Microsoft ndi yolemera moti singadziwe n'komwe kuti kuli iyeyo. Akufunsa ngati umenewu ndi mlandu weniweni, ndiponso ngati kompyuta yake ingabwerere.

Achimwene, ndiyambe ndi mawu amene simukufuna kumva: inde, ndi mlandu. Lamulo lake ndi Copyright Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Limati wopeka nyimbo, wolemba buku, wojambula filimu kapena wopanga pulogalamu ya pakompyuta ndiye yekha ali ndi mphamvu yolola kuti ntchito yakeyo ikopedwe, igulitsidwe kapena imveke pagulu. Umwini umenewu safunika kukaulembetsa ku ofesi ina iliyonse. Umayamba pomwe ntchitoyo yalembedwa kapena kujambulidwa, ndipo pa nyimbo yopekedwa ndi munthu umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Choncho ngakhale nyimbo za malemu zimene makasitomala achikulire amakonda zija zili ndi eni ake: ana ndi akazi amasiye.

Nyimbo kupezeka pa YouTube kapena m'gulu la WhatsApp sikutanthauza kuti mwini wake waitaya. Chimanga cha m'munda wa m'mbali mwa msewu aliyense amachiona, wina amathyolako n'kumapita osagwidwa, koma zimenezo sizichisandutsa cha aliyense. Za oimba a ku Zambia, Nigeria kapena South Africa nazonso n'zotetezedwa kuno, chifukwa Malawi idalowa m'pangano la maiko la Berne mu 1991, ndipo pansi pa panganolo timateteza ntchito za alendo monga momwe timatetezera zathu. Mafilimu omasulira m'Chichewa aja ali ndi milandu iwiri pamodzi, wokopa ndi wosintha ntchito ya mwini popanda chilolezo.

Lamulo lili ndi kampata kolola munthu kudzikopera nyimbo kuti azimvera yekha kunyumba. Ndi chifukwa chake pali msonkho wapadera pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, umene bungwe lotolera misonkho la MRA limatolera ndipo Copyright Society of Malawi, COSOMA, imagawira eni luso. Ena m'ntchito yanu amati popeza msonkhowo udalipiridwa kale pa foni ndi pa fulashi, ndiye kuti zonse zatha. Ayi. Msonkhowo ukulipirira kukopa kwa munthu payekha. Inu mukalandira ndalama pa nyimbo iliyonse yomwe mwathira, mwatuluka m'kampata kaja, mwalowa m'malonda.

Mfundo yanu yolimba ndi ya oimba amene amabweretsa okha nyimbo. Imeneyo ndikuidziwa, ndipo ndi yoona: woimba wongoyamba kumene amadziwa kuti nyimbo yake ikalowa m'makompyuta a pamsika mawa lake ikulira m'maminibasi. Ngati mwini wakulolani, pa nyimbo imeneyo mulibe mlandu. Koma chilolezo chapakamwa chimavuta kukhoti, chifukwa woimba yemweyo akadzatchuka akhoza kudzati sakukudziwani. Komanso nyimbo imodzi nthawi zambiri imakhala ndi eni angapo: wopeka mawu, woimba, ndi amene adalipira situdiyo n'kukhala mwini wa chojambulidwacho. Amene wabwera ndi fulashi pashopu panu akhoza kukhala kuti alibe mphamvu yonse. Gulani kope, aliyense wobweretsa nyimbo azilembamo dzina lake, maina a nyimbozo, tsiku, ndi mawu akuti wakulolani kuzifalitsa, n'kusaina. Ndipo musadzinyenge: chilolezo cha oimba khumi a m'dera lanu sichiphimba nyimbo zikwizikwi zimene zili mu hard drive ija.

Tsopano za kupolisi, poti ndiko kuli moto pakalipano.

Pitani tsiku lomwe adakuuzani. Mlandu suwola, ndipo kuthawa kumangowapatsa chifukwa chokutsekerani ndi chokukanizani belo. Mukafika, funsani kuti akuuzeni mlandu umene akukuganizirani, ndi amene wadandaula. Pemphani mndandanda wolembedwa wa katundu amene adatenga, wokhala ndi mtundu wa kompyuta ndi nambala yake, ndi dzina la wapolisi amene akusunga. Ambiri amaiwala zimenezi, kenaka pakatha miyezi amapeza kompyuta yopanda hard drive, popanda womuloza chala. Apolisi ali ndi mphamvu yosunga chinthu chomwe chikhale umboni pa mlandu, koma gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza munthu ku chipikisheni ndi kulandidwa katundu mwachisawawa, choncho muli ndi ufulu wofunsa ngati adali ndi chikalata cha khoti kapena adagwiritsa ntchito mphamvu iti. Funsani mwaulemu, ndipo yankho lake mulisunge kuti mudzauze loya kapena majisitireti.

Akakumangani, gawo 42 la malamulo aakulu omwewo likukupatsani ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito. Sitetimenti musasaine musanaiwerenge, ndipo ngati yalembedwa m'Chingerezi chomwe simukuchimva bwino, nenani kuti akumasulireni. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akati mupereke kangachepe kuti nkhani ithere pomwepo, dziwani kuti chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka naye amakhala ndi mlandu woposa womwe adabwerera. Ndalama iliyonse yovomerezeka, kaya ya laisensi kaya chindapusa, imatuluka ndi risiti ya bungwe kapena ya khoti. Ngati simungakwanitse loya, kafikeni ku Legal Aid Bureau.

Kukhoti la majisitireti adzakuwerengerani mlandu n'kukufunsani ngati mukuvomera kapena mukukana. Apa ndi pamene ndaonapo anyamata akudzipweteka okha. Wina amaimirira m'kabokosi, manja kumbuyo, namva mawu akuti kukopa nyimbo, n'kuyankha msangamsanga kuti "ndikuvomera, bwana," poganiza kuti akadzichepetsa amuuza kuti azipita. Sadziwa kuti mawu awiriwo atseka mlandu wonse, kwatsala chilango chokha. Kuvomera si kolakwika ngati umboni ulidi poyera, ndipo makhoti amachepetsa chilango kwa wovomera amene sadawatayitse nthawi, makamaka ngati ndi koyamba kupalamula. Koma vomerani mutamvetsa chomwe mukuvomera. Chilango chikhoza kukhala chindapusa, ndende, kapena zonse ziwiri, ndipo khoti likhoza kulamula kuti zokopedwazo ziwonongedwe ndi kuti zida zomwe mudagwiritsa ntchito zisabwerere kwa inu. Ndiye yankho la funso lanu la kompyuta ndi ili: mlandu ukathetsedwa kapena mukapezeka osalakwa, pemphani khoti lilamule kuti ibwezedwe. Mukapezeka olakwa, zili m'manja mwa majisitireti, ndipo nthawi yodandaula chilango chisanaperekedwe ndi yomwe munganene kuti kompyutayo ndiyo khasu lanu, kuti mumalemberaponso anthu makalata ndi kusindikiza zithunzi, ngati zilidi choncho. Padera pa mlandu wa boma, mwini nyimbo ali ndi ufulu wokusumirani yekha kuti mumulipire zomwe wataya.

Musanafike kumeneko, ine ndikadakhala inu ndikadapita ku COSOMA, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo ntchito yake ndi kupereka malaisensi kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pa malonda, monga mawayilesi ndi malo achisangalalo, n'kugawa ndalamazo kwa eni ake. Kafotokozeni bizinesi yanu momwe ilili, mufunse laisensi yoyenera, ndipo muwerenge bwino zomwe ikukulolani ndi zomwe sikukulolani. Munthu amene wayamba kale kukonza zinthu amamveka mosiyana pamaso pa wodandaula ndi pamaso pa khoti.

Za Windows ndi Office ndi nkhani ina. Laisensi ya nyimbo sikhudza mapulogalamu. Chilolezo chake chimachokera kwa kampani yomwe idawapanga, ndipo kuthyola loko wa pulogalamu kuti igwire ntchito osalipira ndi kuphwanya lamulo lomweli. Ndisanamizire kuyera: maofesi ambiri m'tauni muno, ena a anthu ovala mataye ngati ine, akuyendera mapulogalamu othyola omwewo, ndipo palibe amene adawanyamulira kompyuta. Kuti wogwidwa amakhala wa pamsika ndi chinthu chondiwawa, koma kukhoti sichikupulumutsani. Chomwe chingakupulumutseni n'chakuti pali mapulogalamu amene eni ake adalola aliyense kukopa ndi kugawa, monga Ubuntu m'malo mwa Windows ndi LibreOffice m'malo mwa Office. Amenewo mukhoza kuikira anthu n'kulipiritsa ntchito ya manja anu popanda mantha. Kasitomala wongofuna kulemba kalata ndi kuwerengetsa ndalama za golosale amukwanira, ndipo sabwera ndi mavairasi amene amabisala m'mapulogalamu othyola.

Mwafunsanso, ngakhale simudatchule mwachindunji, ngati ndinu wakuba. Maganizo anga ndi awa. Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda kanthu, pomwe inu mukakopa nyimbo mwini wake amakhala nayobe. N'chifukwa chake lamulo silikutcha kuti kuba, lili ndi dzina lakelake. Ndikuvomerezanso kuti mtengo wa laisensi ya pulogalamu udaikidwa poganizira matumba a anthu a kwina, ndipo Microsoft sigona ndi njala chifukwa cha kashopu kanu. Koma mfundo imeneyo mwaibwereka kwa wolemera n'kukaigwiritsa ntchito pa wosauka. Nyimbo zomwe zimakudyetsani kwambiri ndi za oimba akuno. Masiku a matepi, woimba ankatenga nyimbo zake kupita nazo kwa O.G. Issa ku Limbe, tepi iliyonse yogulidwa inkawerengeka ndipo kanthu kankamufika. Lero nyimbo yake ili m'foni iliyonse m'mudzi, wogulitsa memory card wapindula, inu mwapindula, wa minibasi wakopa nayo okwera, iye yekha amene adakongola ndalama ya situdiyo ndiye sadaone kalikonse. Timadzamva za iye pawailesi akupempha thandizo la kuchipatala.

Popita kupolisi tengani chiphaso chanu cha unzika, risiti yogulira kompyuta ngati ilipo, mauthenga a pafoni a oimba amene adakutumizirani okha nyimbo, ndi wachibale mmodzi wamkulu amene angakuimireni pa belo.