Kodi Deep Purple ya lero ikadali Deep Purple?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amawerenga pano. Akuti anaonera makanema awiri a Deep Purple pa YouTube, ya 1972 ndi ya 1974, n'kudabwa kuona woimba wina apa, wina apo. Atafufuza anamvanso kuti katswiri wa gitala, Ritchie Blackmore, anachoka kalekale. Funso lawo n'lakuti: kodi limeneli ndi gulu limodzi, kapena alipo ongodyera dzina la anzawo?

Achimwene, gululi ndi limodzi, ndipo ndikuuzani chifukwa chimene ndikunenera motero.

Linayamba ku England mu 1968 ndi anthu asanu: Blackmore pa gitala, Jon Lord pa limba la Hammond, Ian Paice pa ng'oma, Nick Simper pa besi, ndi Rod Evans pa mawu. Chaka chimodzi chokha chitadutsa, atatu oyambawo anafuna nyimbo zolemera, zaukali, ndipo anaona kuti Evans ndi Simper sangafikepo. Anatenga Ian Gillan pa mawu ndi Roger Glover pa besi ku gulu la Episode Six. Asanu amenewa, omwe okonda gululi amawatcha Mark II, ndi amene munawaona mu kanema ya 1972 ija.

Apa ndiima pang'ono, chifukwa mtima wa nkhani uli pomwepa. Lord sankaimba limba lake ngati wa kutchalitchi. Ankalilumikiza ku ampulifaya ya Marshall, yofanana ndi ya oimba gitala, mpaka linkabangula ngati mkango. Mvetserani chimbale cha Made in Japan, chojambulidwa ku Osaka ndi ku Tokyo mu Ogasiti 1972: gitala ikuponya mawu, limba likubweza, zikuthamangitsana, Paice ali kumbuyo kuzigwirizitsa ndi dzanja lake lamanzere lopepuka lija. Kwa ine, kukangana kwa gitala ndi limba pamwamba pa ng'oma za Paice ndiye Deep Purple. Nkhope zimabwera pambuyo.

Ndi asanu omwewa amene anali ku Montreux, ku Switzerland, pa 4 Disembala 1971, pamene nyumba ya kasino inapsa woimba wa ku America Frank Zappa ali mkati moimba. Kasinoyo, imene ankati ajambuliremo chimbale, inasanduka phulusa, choncho anakajambulira m'khonde la mkati mwa Grand Hotel, zida zojambulira zili m'galimoto ya gulu loimba la Rolling Stones panja. Umo ndi mmene munabadwira chimbale cha Machine Head, ndi nyimbo ya Smoke on the Water imene ikusimba za motowo.

Koma Gillan ndi Blackmore sankamwerana madzi. Mu 1973 Gillan ndi Glover anachoka, m'malo mwawo munalowa Glenn Hughes ndi David Coverdale, mnyamata wosadziwika amene ankagulitsa zovala m'sitolo. Woimba wa mu kanema yanu ya 1974 ndi Coverdale ameneyo. Blackmore sanakondwe ndi kakomedwe ka nyimbo zovinitsa za funk kamene anyamata atsopanowa ankabweretsa, ndipo mu 1975 anakayambitsa gulu la Rainbow. Tommy Bolin wa ku America anatenga gitala, koma mankhwala osokoneza bongo anali atamugwira kale. Gulu linatha mu 1976, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Bolin anamwalira ku Miami ali ndi zaka 25 zokha. Zimandiwawa ndikamamvera chimbale chimodzi chokhacho chimene anasiya m'gululi.

A Mark II anagwirizananso mu 1984. Mkangano wakale sunachedwe kudzuka: Gillan anachotsedwa mu 1989, Joe Lynn Turner anaimba chimbale chimodzi, Gillan n'kubwerera mu 1992. Mu Novembala 1993 Blackmore anachoka kotheratu ulendo wa zoimbaimba usanathe, moti Joe Satriani ndi amene anakatsiriza nawo ku Japan.

Anthu ambiri nkhani amaithera pamenepo, ine ayi. Steve Morse analowa mu 1994 n'kukhala zaka 28, kuposa zaka zonse za Blackmore tikaphatikiza maulendo ake awiri. Sanayese kutengera Blackmore, ndipo gululo linayambanso kumwetulira pa siteji. Anasiya mu 2022 kuti akasamalire mkazi wake amene ankadwala khansa, Simon McBride wa ku Northern Ireland n'kulowa m'malo mwake. Lord anapuma mu 2002, mpando anausiyira Don Airey, kenako anamwalira mu 2012. Chimbale cha 2024 anajambula ndi Gillan, Glover, Paice, Airey ndi McBride. Atatu mwa iwo ndi omwe aja a m'khonde la ku Montreux, ndipo Paice sanaphonyepo chimbale ngakhale chimodzi chichokere 1968.

Zodyera dzina zimene mukuopazo zinachitikadi, koma kamodzi. Mu 1980, gulu lenileni litatha, Rod Evans anasonkhanitsa oimba achilendo n'kumazungulira ku Mexico, ku United States ndi ku Canada akudzitcha Deep Purple. Nkhani inapita kukhoti, Evans anagonja, ndipo anataya ndalama zimene ankalandira pa zimbale zitatu zoyambirira. Mu 2016, pamene gululi linkalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, dzina lake linali pa mndandanda wa olemekezedwa, koma mwiniwakeyo sanaoneke.