Kelly Macdonald, mayi wa ku Glasgow amene anatchuka ndi mbali zazing'ono

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amachita zisudzo m'gulu la achinyamata kutchalitchi kwawo. Walemba kuti: "Ndangomaliza kuonera gawo lachisanu ndi chimodzi la sewero la apolisi la pa TV la Line of Duty, ndipo mayi amene akusewera ngati wapolisi Jo Davidson wandigwira mtima. Kodi ndi ndani, nanga zisudzo anaphunzira kuti? Ndikufunsa chifukwa ine kusukulu ya zisudzo sindinapiteko, ndipo kugulu kwathu amangondipatsa mbali ya wantchito wam'nyumba kapena ya mkazi wa uje. Ndayamba kugwa mphwayi."

Achemwali, zikomo pondilembera. Mayiyo dzina lake ndi Kelly Macdonald, ndipo mwafunsa za munthu amene mbiri yake ikugwirizana ndendende ndi dandaulo lanu.

Anabadwa pa 23 February 1976 mumzinda wa Glasgow ku Scotland, n'kukulira m'katawuni ka Neilston. Si kutali kwenikweni ndi Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa David Livingstone, komwe kunachokera dzina la mzinda wathu. Kusukulu ya zisudzo nayenso sanapiteko. Ali ndi zaka 19 ankagulitsa mowa m'bala ina ku Glasgow, ndipo n'kumene anaona kapepala koitana atsikana kuti akayesedwe pa filimu imene Danny Boyle ankakonza. Anapita, anamusankha. Filimuyo ndi Trainspotting ya 1996, yonena za anyamata a ku Edinburgh amene amira m'mankhwala ozunguza bongo. Iye anasewera ngati Diane, mtsikana amene akumana ndi Renton, mmodzi wa anyamatawo, kumalo ovinira usiku, kenako kutacha n'kutulukira atavala yunifolomu ya sukulu.

Ndisakunamizeni, mwayi wa kapepala wotere sugwera aliyense. Amene anasewera nawo anali odutsa m'makalasi: Ewan McGregor anaphunzira ku Guildhall ku London, Robert Carlyle pasukulu yaikulu ya nyimbo ndi zisudzo ya ku Glasgow imene lero imatchedwa Royal Conservatoire of Scotland. Mukapeza mpata wa maphunziro, musaukane. Koma kapepala kaja kanangomutsegulira chitseko. Chimene chamusunga pantchitoyi kwa zaka pafupifupi 30 ndi china, ndipo chimaoneka bwino kwambiri pa mbali imene inu mukuidandaulayo, ya wantchito wam'nyumba.

Mu 2001 Robert Altman anatulutsa Gosford Park, filimu yolembedwa ndi Julian Fellowes, yemwe pambuyo pake anadzalemba Downton Abbey. Nkhani yake ikuchitika mu 1932 m'chinyumba cha anthu olemera ku England: mabwana pamwamba, antchito pansi, ndiye usiku wina mwininyumba aphedwa. Mufilimuyi munadzadza akatswiri amene mayina awo okha amaopsa, monga Maggie Smith, Helen Mirren, Michael Gambon ndi Emily Watson. Kelly anapatsidwa mbali ya Mary, kamtsikana ka ku Scotland kongoyamba kumene ntchito kwa mayi wina wachikulire wovuta, yemwe ndi Maggie Smith.

Taonani mmene filimuyi ikuyambira. Mvula ikugwa, galimoto yaima pamsewu. Abwana ali kumpando wakumbuyo mouma, akulephera kutsegula fulasiki. Mary atsika kumpando wakutsogolo, azungulira, n'kuimirira pamvula mpaka kunyowa chifukwa cha chivindikiro cha fulasiki basi. Sakudandaula, sakukwinya nkhope kuti ife oonera timumvere chisoni. Wangoima, maso akuyendayenda, kuona amene akudutsa ndi zimene akunena. Kuyambira pamenepo, tikuona nyumba yonse ija kudzera m'maso mwake. Wapolisi wobwera kudzafufuza za imfayo sakulabadira n'komwe antchito, choncho abwerera chimanjamanja. Amene atulukira chinsinsi ndi Mary, chifukwa ndi yekhayo amene wakhala akumvetsera pamene ena onse akulankhula. Filimuyi ndaionera katatu, ndipo ulendo wachitatu ndinangotsata nkhope yake pamene wina ndiye akuyankhula. Mumachita kuona mawu a mnzake akulowa, akukhazikika, akumusintha maganizo. Ambiri a ife pasiteji timangodikira kuti mnzathu amalize kuti tiponye mzere wathu. Iye samadikira, amamva.

Mu 2005 anasewera mu The Girl in the Café, yolembedwa ndi Richard Curtis. Anali Gina, mtsikana wamba amene adziwana ndi mkulu wina wamanyazi wa ku unduna wa zachuma ku Britain, Bill Nighy, n'kupita naye kumsonkhano wa mayiko olemera a G8 ku Reykjavik, ku Iceland. Kumeneko pachakudya chamadzulo Gina atsegula pakamwa n'kuwafunsa atsogoleriwo za ana amene akufa ndi umphawi, mpaka kumutulutsa. Filimuyi inaonetsedwa patatsala masiku ochepa kuti msonkhano weniweni wa G8 uchitike ku Gleneagles, ku Scotland komweko, umene unakambirana zokhululukira ngongole mayiko osauka. Dziko lathu linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja chaka chotsatira, mu 2006. Kunena zoona, filimuyi malo ena imakhala ngati ulaliki, koma iye amalankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene akuchita mantha koma sangathenso kukhala chete. Mbali imeneyi inam'patsa mphoto ya Emmy mu 2006.

Tsopano mbali ya mkazi wa uje. Mu No Country for Old Men ya 2007, ya abale awiri Joel ndi Ethan Coen, iye ndi Carla Jean, mkazi wa munthu amene watola chikwama cha ndalama za ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Texas. Mphindi zimene amaoneka n'zowerengeka. Kalankhulidwe ka ku West Texas anakaphunzira mpaka Achimereka ambiri sanadziwe kuti akumvera munthu wa ku Glasgow. Chakumapeto, akuchokera koika maliro a mayi ake, atavala zakuda, apeza chigawenga chimene chakhala chikusaka ndalamazo, Javier Bardem, chitakhala pampando m'chipinda. Munthuyu ali ndi chizolowezi choponya kobiri m'mwamba kuti amene wamugwirayo asankhe mbali, moyo kapena imfa. Carla Jean akana kusankha. Amuuza kuti kobiri ilibe mlandu, wosankha ndi iyeyo. Sakukuwa, sakugwada, wangokhala pansi manja ali pamiyendo. M'filimu yonse ya amuna amfuti, ndi mayi wamasiye ameneyu amene amuvula chigawengacho bodza lake. Filimuyi inatenga mphoto zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse, ndipo iye anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya BAFTA. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yake yoposa zonse.

Zitatero ku America anam'dziwa. Kuyambira 2010 mpaka 2014 anali mu Boardwalk Empire ya HBO, ngati Margaret, mayi wochokera ku Ireland wokhala ku Atlantic City m'zaka zimene boma la America linaletsa mowa, pambali pa Steve Buscemi. Apa analankhulanso Chingerezi cha mtundu wina, cha ku Ireland. Magawo oyambirira ndi ake kwambiri. Chakumapeto olemba anam'chepetsera mbali, ndipo seweroli linataya kanthu. Mu 2011 anaonekako pang'ono ngati mzukwa wa Helena Ravenclaw mufilimu yomaliza ya Harry Potter. Mu 2012 ndi mawu ake amene mumamva pakamwa pa Merida, mwana wa mfumu watsitsi lofiira mu katuni ya Brave, yoyamba ya Pixar kuika mtsikana patsogolo. Pamenepo ndiye analankhula chikwawo mosabisa. Za banja lake salankhula kawirikawiri: anakwatiwa mu 2003 ndi Dougie Payne, woimba gitala ya besi m'gulu la Travis, ali ndi ana aamuna awiri, ndipo anapatukana mu 2017.

Ndiye tifike pa Jo Davidson wanu. Gawo limenelo la Line of Duty, lolembedwa ndi Jed Mercurio, linaonetsedwa pa BBC mu 2021, ndipo chigawo chake chomaliza chinaonedwa ndi anthu 12.8 miliyoni usiku womwewo ku Britain. Mwina simunadziwe kuti Martin Compston, amene amasewera ngati wapolisi Steve Arnott, nayenso ndi wa ku Scotland, wa ku Greenock, koma m'seweroli amalankhula ngati wa ku London, pamene Kelly analoledwa kulankhula chikwawo. Chimene chinakugwirani mtima ndikuchiganizira: ndi pamene apolisi ofufuza anzawo amupanikiza ndi mafunso kwa nthawi yokwana pafupifupi theka la ola, iye n'kumangoyankha mobwerezabwereza kuti alibe chonena. Mawu ake ndi amodzimodzi, koma nthawi iliyonse akutuluka mosiyana, pena mwamwano, pena mwamantha, pena ngati munthu amene watsala pang'ono kulira, chifukwa funso lililonse lamulasa malo ena. Ndi luso lomwe lija la Mary wa pamvula, patapita zaka 20. Mu 2025 anaonekanso mu Dept. Q ya pa Netflix, imene nkhani yake ili ku Edinburgh, ngati dokotala wothandiza apolisi ovutika maganizo, munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi kumvetsera.

Nali pempho langa kwa inu, achemwali. Pezani Gosford Park, muionere kamodzi kuti mudziwe nkhani, kenako muibwereze mutatseka mawu pa malo amene Mary ali chete, muone chimene maso ndi manja ake akuchita. Mukakapatsidwanso mbali ya wantchito kugulu kwanu, musanaloweze mizere yanu yochepayo, werengani ya abwana ndi ya alendo onse, ndipo pa mzere uliwonse mulembe m'mphepete chimene wantchitoyo wamvapo ndi chimene sangathe kuyankha. Mukayeserera kawiri katatu, mundilemberenso mundiuze zimene anzanu aona.